Kapeti, vinyl, labala kapena mkeka: n'chiti chimasungadi m'kati mwa galimoto yogonamo?

Mvula itangokata mu Epulo, ndinagwada pa chitseko cha kondakitala n'kuyamba kusenda kapeti yomwe ndinamata pansi m'galimoto yathu chaka cham'mbuyo. Pamwamba inkaoneka bwinobwino, yosang'ambika paliponse. Nditakoka ngodya ya pafupi ndi sitepe, fungo la chuku linandimenya m'mphuno, ndipo m'mizere ya chitsulo cha pansi munali matope ofiira osakanikirana ndi dzimbiri. Ndinapisa chala pabowo lina pomwe kale pankamangidwa mpando, chinatuluka chonyowa. Apo n'kuti patatha masabata awiri mvula italeka.

Galimotoyo ndi Toyota HiAce ya mtundu wa H200, umene unayamba kupangidwa mu 2004, ku South Africa amautcha Quantum. Tinachotsa mipando yakumbuyo n'kuikamo bedi, kabati yaing'ono ndi malo a chigubu cha madzi, kuti tikapita ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear tizigona momwemo. Ndinkaganiza kuti kapeti iteteza pansi, osadziwa kuti ndaika chinthu chomwa madzi n'kuwasunga pachitsulo. Kuchokera tsiku limenelo, chilichonse chomwe munthu angandiuze kuti ndiyale, ndimate kapena ndikutire m'galimoto ndimachiyeza ndi funso limodzi: kodi ndingathe kuchichotsa ndekha, mosavutika, n'kuona zomwe zikuchitika kunsi kwake? Njira zonse zomwe ndikuyerekeza pano ndaziyeza ndi muyezo umenewo, kenako mtengo, kulemera ndi kuvuta kwa ntchito yake.

Musanayale kanthu

Apa palibe zosankha zambiri. Sesani, kolopani, dikirani kuti paume, kenako palani dzimbiri lonse ndi burashi yawaya mpaka chitsulo chiwale. Pakani penti wofiira uja wa red oxide, akauma mupake penti wina pamwamba pake, chifukwa red oxide payekha salimbana ndi madzi nthawi yaitali. Mabowo omwe atsala mutachotsa mipando ndi amene amalowetsa madzi ndi fumbi kuchokera kunsi, choncho bwezeranimo mabawuti ake, muwapake chomatira. Pa chomatiracho samalani. Silikoni wotchipa amene amanunkha ngati viniga amatulutsa asidi pouma, ndipo asidiyo amadya chitsulo. Cha polyurethane, monga Sikaflex, n'chodulirapo koma chimagwira chitsulo chopentedwa popanda kuchiwononga, ndipo chimapirira kugwedezeka.

Pansi pa HiAce pali mizeremizere, sipangayalidwe chinthu chofewa n'kukhala bwino. Pamafunika thabwa loyala kaye. MDF, thabwa lija lopangidwa ndi fumbi la matabwa lopanikizidwa, isiyeni. Ikangonyowa m'mphepete imafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi, ndipo siibwereranso. Plywood ndiye yoyenera, ndipo kuno siisowa, popeza ina imapangidwa ku Chikangawa komweku. Shiti imodzi imakhala mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi. Ya mamilimita 9 ndi yopepuka, pafupifupi makilogalamu 15, koma imanepa pakati pa mizere ngati simuikamo timatabwa kunsi. Ya 18 ndi yolimba kwambiri, koma shiti imodzi imafika makilogalamu 30, ndipo mukaphatikiza ya bedi ndi ya kabati mupeza kuti mwanyamula munthu wamkulu amene satsika. Ine ndinakhazikika pa ya 12, yomwe imalemera pafupifupi makilogalamu 20. Ena amalimbikira marine plywood, ija yopangira maboti. Ndi yabwino, palibe angatsutse, koma ndalama yake simungaione phindu ngati plywood wamba mwaipaka vanishi mbali zonse ziwiri, makamaka m'mphepete momwe macheka adutsa, chifukwa madzi amalowera m'menemo.

Zinthu ziwiri zomwe kalipentala wosazolowera magalimoto sangakuuzeni. Choyamba, musayale thabwa limodzi lalikulu. Jambulani kaye maonekedwe a pansi ndi makatoni, kenako dulani zidutswa ziwiri kapena zitatu zoti munthu mmodzi n'kunyamula. Chachiwiri, musaboole pansi. Kunsiko kuli thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya. Mangirani matabwawo pa mabowo a mipando omwe alipo kale.

Pamwamba pa thabwa

Kapeti ndayamba kale kuidandaula, koma ndiinenere chilungamo. Ndi yofunda kumapazi, ndipo amene anagonapo ku Chelinda pa Nyika mu Juni kapena Julayi, pomwe udzu umadzuka utayera ndi chisanu, akudziwa kuti kufunda si nkhani yaing'ono. Imachepetsanso phokoso la mseu. Vuto lake ndi la kunyanja. Mchenga umalowa pansi pa ubweya wake, tsache silifikako, ndiye nthawi iliyonse mukaponda umadula ulusi pang'onopang'ono. Madzi a m'bokosi la nsomba akangotayikirapo kamodzi, fungo la chambo mudzayenda nalo mpaka Khirisimasi. Ngati mukuifunabe, igwiritseni ntchito ngati kachidutswa kongoyala pambali pa bedi, kosamata, koti n'kukatulutsa n'kukakung'untha.

Vinyl ya mpukutu ndi yomwe ndimalangiza anthu ambiri. Imagulitsidwa mulifupi mwa mamita 2, ndiye chidutswa chimodzi chimakwanira m'lifupi monse mwa galimoto popanda cholumikiza. Mchenga umasesedwa, tiyi akatayika mumangopukuta. Koma vinyl ilipo yamitundumitundu. Ija yopyapyala yamaluwamaluwa yomwe timagula pamsika n'kuyala pabalaza siichedwa: mwendo wa chitofu ukangoikoka, yang'ambika. Ija yokhala ndi ubweya kunsi imamwa madzi olowera m'mbali, ndiye mwabwerera ku vuto la kapeti. Funani yokhuthala, yoyala m'masitolo ndi m'zipatala, yokhakhala pang'ono kuti isaterere mukalowa ndi mapazi onyowa. Ndipo imateni pa chidutswa chilichonse cha plywood payokha, kuti thabwa likamanyamuka vinyl izinyamuka nalo. Mukaiyala yonse pamodzi n'kuimata mpaka m'makoma, pamaoneka bwino ngati m'nyumba, koma mwadzitsekera njira yoonera chitsulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Matabwa olumikizana aja a laminate amakopa maso, koma m'kati mwake ndi fumbi la matabwa lopanikizidwa, m'bale wake wa MDF. Galimoto imapindika pang'ono ikamadutsa m'mabampu, molumikizira mumatseguka, madzi n'kulowa. Asiyireni nyumba.

Labala, makamaka uja wokhala ndi timadontho ngati ndalama zachitsulo, ndi ngwazi pa kulimba. Ngati galimoto yanu imagwiranso ntchito zina pakati pa sabata, kunyamula matumba a chimanga, njinga kapena makasu, palibe chomuposa. Satera, salola madzi, ndipo chifukwa ndi wolemera amakhazikika yekha popanda guluu, zomwe zikutanthauza kuti mukhoza kumukoka, kumutsuka ndi paipi n'kumubwezera. Zoipa zake zitatu. Watsopano amanunkha, ndipo galimoto ikakhala padzuwa la Okutobala fungolo limakula moti kugonamo n'kovuta, choncho muyanikeni panja kwa masiku angapo musanamuike. Wakuda amatentha dzuwa likamuwomba pachitseko chotsegula, mwana wopanda nsapato akhoza kulira. Chachitatu anthu ambiri sachidziwa: labala akakhala pamwamba pa vinyl kwa nthawi yaitali amaisiyira banga lachikasu kapena lofiirira lomwe silichoka ndi sopo aliyense, chifukwa mankhwala a mu labala amalowa mu vinyl. Sankhani chimodzi, musazisanjike.

Pali ena amene amangopaka thabwa vanishi kapena penti wa pansi n'kusiya choncho. Ndi njira yotchipa kuposa zonse, yopepuka, ndipo palibe chobisika. Kungoti mchenga umapala vanishi ngati sandipepa, ndipo panjira yochokera pachitseko kupita pabedi pamayamba kutuwa msanga. Ngati simudandaula kupala ndi kupakanso chaka ndi chaka, njirayi si yonyozeka.

Tsopano mkeka. Anzanga ena amaseka ndikautchula, koma ine ndimautenga ngati chida chenicheni. Mkeka wa mlaza ndi wotchipa, umapezeka m'mbali mwa mseu wa kunyanja, ndi wopepuka, ndipo mchenga umadutsa m'maluko ake m'malo mokhala pamwamba n'kumapala. Ukatha, simulira. Paokha sungateteze pansi ku madzi, ndipo ukapindidwa uli wonyowa umachita chuku msanga. Ntchito yake yeniyeni ili panja. Uyaleni pakhomo la galimoto, pomwe anthu amavulira nsapato, pambali pake muike beseni laling'ono la madzi otsukira mapazi. Mchenga umene sunalowe m'galimoto sungawononge vinyl, kapeti kapena vanishi. Pa zonse zomwe ndagula, mkeka ndi beseni ndi zomwe zandibwezera ndalama mwachangu.

Sitepe ndi m'mphepete

Malo amene amatha msanga si pakati pa galimoto ayi, ndi pamlomo wa thabwa pomwe phazi lililonse limaponda polowa. Pamenepo vinyl imayamba kutukuka, plywood n'kuyamba kusendeka masamba ake. Njira zilipo zitatu. Aluminiyamu wopindika ngati chilembo cha L ndi amene amalimba, mumamudula ndi hakiso n'kumumanga ndi masikuluu aafupi omwe sangafike pachitsulo. Musaiwale kusalaza nsonga zake ndi tupa, popeza nsonga ya aluminiyamu imacheka chala cha kuphazi ngati lumo. Kalabala kovekera m'mphepete, kooneka ngati chilembo cha U, n'kofewa, n'kabwino pamakona a kabati pomwe bondo limagunda usiku, koma pasitepe kamavuka. Tepi yopyapyala ija yomatira ndi ayironi m'mbali mwa matabwa imakongoletsa makabati a m'khitchini, koma guluu wake amasungunuka ndi kutentha, ndipo m'galimoto yotsekedwa padzuwa, momwe dashibodi imapitirira madigiri 60, imayamba kulendewera. Pamakabati ine ndimangosalaza makona ndi sandipepa kuti akhale obulungira, n'kupaka vanishi katatu. Kona yobulungira siibenthuka.

Njanji ya chitseko chokoka nayo ndi mbali ya nkhaniyi. Girisi akakumana ndi mchenga amasanduka phala lopera, limadya timawilo ta chitseko mpaka chiyambe kugwedera n'kumapala penti. Pukutani njanjiyo kawirikawiri, mupoperemo silikoni wa m'chitini amene amauma osamata.

Mipando ndi matiresi

Apa mtima wanga uli pa chitenje, koma mutu umandiuza zina. Chitenje n'chokongola, n'chotchipa, telala aliyense akhoza kusoka, chimachapika n'kuuma tsiku lomwelo, ndipo sichitenthetsa kumsana. Pa makushoni ndi pa matiresi n'chabwino kwambiri. Pampando wa dalaivala sichikhalitsa. Mu HiAce mumakhala pamwamba pa gudumu, potsika mumatsetsereka, ndiye m'mbali mwa mpando cha kuchitseko mumaperepeseka tsiku ndi tsiku. Pamenepo chitenje chimabooka, ndipo dzuwa limachifwifwitsa.

Kanivasi, nsalu yokhuthala ya thonje ija yosokera matenti, ndiye yolimba pamipando yakutsogolo. Imafuna telala wa makina amphamvu, monga amene amakonza mipando ya masofa, ndipo muichape kaye musanaidule chifukwa imakhwinyata. Poyamba imakhala youma, koma imafewa. Chikopa chapulasitiki chomwe amavekera mipando ya maminibasi chimapukutika msanga, n'chifukwa chake eni maminibasi amachikonda. Koma yendani nacho kuchokera ku Salima kupita ku Nkhotakota masana a mu Novembala, malaya adzamatirira kumsana, ndipo pakapita nthawi chimang'aluka m'misoko. Ngati muli ndi ana aang'ono, chiikeni kunsi ngati chotchinga madzi pa siponji, pamwamba pake muveke chitenje.

Mulimonse momwe mungasankhire, uzani telala zinthu ziwiri. Injini ya HiAce ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndipo kuti muone oyilo mumatukula mpando, ndiye chovekera chisamangiriridwe pansi moti mpando sungatukuke. Komanso chisatseke pomangira lamba. Ngati galimoto yanu ndi ya mtundu wokhala ndi airbag, thumba lija lofufuma pangozi, m'mbali mwa mpando, chovekera wamba chikhoza kuilepheretsa kutuluka, ndipo pamenepo kuteteza nsalu sikungapose kuteteza munthu.

Matiresi amawonongekera kunsi, kumene simuyang'ana. Thupi limatulutsa chinyezi usiku wonse, chimadutsa mu siponji n'kukafika pathabwa lozizira. Pa bedi la thabwa lathunthu mudzapeza madontho akuda a chuku. Bedi la timatabwa totalikirana limapuma lokha. Ngati munapanga kale lathunthu, boolani mabowo aakulu ngati kukamwa kwa kapu m'mizere, ndipo m'mawa uliwonse muziimika matiresi chammbali pomwe mukumwa tiyi.

Makoma

Pa intaneti mudzaona magalimoto ambiri a ku Britain atamatidwa kapeti yotanuka khoma lonse. Kumeneko n'zomveka, amalimbana ndi kuzizira. Kuno kapetiyo imasunga fumbi la katondo, ndipo contact glue wamba amalefuka denga likatentha, kapeti n'kuyamba kugwa kuchokera m'mwamba. Pamafunika guluu wopirira kutentha, amene sapezeka paliponse. Plywood yopyapyala, ya mamilimita 3 kapena 4, yopakidwa vanishi n'kumangidwa ndi masikuluu pa nthiti za m'kati, imapukutika ndi kansalu konyowa, ndipo mukafuna kuona waya kapena dzimbiri mumangomasula. Onetsetsani kutalika kwa masikuluu, kuti nsonga isakatulukire kunja.

Dzuwa

Galasi lakutsogolo ndi la magawo awiri omatidwa, ndipo limatchinga kuwala kochuluka kwa UV kumene kumafwifwitsa nsalu. Magalasi a m'mbali amalola kochulukirapo. N'chifukwa chake mpando umafwifwa mbali ya kuwindo, pomwe dashibodi imang'aluka makamaka ndi kutentha. Chotchinga chonyezimira choika m'kati mwa galasi chimathandiza, koma kutentha kumakhala kutalowa kale. Choveka kunja chimagwira bwino ntchito chifukwa dzuwa silifika n'komwe pagalasi, ndipo ngakhale kalona koyera kopanidwa ndi zitseko ziwiri kamakwanira. Makatani a chitenje okhala ndi nsalu yoyera kumbali yoyang'ana panja amakhalitsa kuposa opanda. Tinti, pulasitiki yodetsa magalasi ija, imateteza nthawi zonse, ngakhale mukuyenda, koma yotchipa imasanduka yapepo n'kuchita matuza, ndipo yakuda kwambiri imakubisirani wanjinga usiku. Mankhwala onyezimiritsa dashibodi sindiwakonda: amakoka fumbi, ndipo kunyezimirako kumabwerera pagalasi n'kukuthobwani m'maso. Kansalu konyowa n'kokwanira. Mukayala nsalu pa dashibodi, isaphimbe potulukira airbag.

Katundu woyendayenda ndi fumbi

Zokala zambiri m'galimoto sizibwera mutaima, zimabwera mukuyenda. Tsikani Khwekhwerere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti muli ndi silinda ya gasi yosamanga, mudzamva ikugunda kabati pakona iliyonse. Kwerani mseu wafumbi wochokera ku Rumphi kupita ku Thazima, mapoto adzakhala akuperesana ndi shelefu ulendo wonse. Malegeni, omwe akabaza amamangira katundu, amagwira bwino zinthu zopepuka, ndipo zidutswa za chubu chakutha zoikidwa pansi pa bokosi kapena pakati pa mapoto zimathetsa kukhulana ndi phokoso lomwe. Kungoti dzuwa limawafumbutsa, amaduka mosachenjeza, komanso paja labala sayanjana ndi vinyl, ndiye pansi pake muziika kansalu. Zolemera, monga silinda, batire ndi chigubu cha malita 20 chomwe chikadzaza chimalemera makilogalamu 20, zimafuna malamba okhala ndi chokokera, omangidwa pa mphete zomwe zagwira chitsulo. Mukaponda buleki mwadzidzidzi, chigubu chimenecho sichingowononga kabati.

Fumbi limalowera kwambiri pachitseko chakumbuyo, chifukwa galimoto ikamathamanga mpweya umakokera fumbi kumeneko. Mukatsegula windo pang'ono, mumathandiza kulikokera m'kati. Tsekani mawindo, yatsani fani kuti izikoka mpweya wakunja, mpweya wa m'kati uzikankhira panja kudzera m'ming'alu. Malabala a zitseko muziwapukuta, ndipo omwe aphwatalala asintheni. Njira yoyesera n'njosavuta: panani pepala ndi chitseko, likasololoka mosavuta ndiye kuti pamenepo pakulowa fumbi.

Madzi omwe timabweretsa tokha

Nditasenda kapeti ija ndinkaganiza kuti madzi onse anali a mvula. Ena analidi olowera pamabowo a mipando, koma ena anali athu. Gasi akamayaka amatulutsa nthunzi, kilogalamu imodzi ya gasi imapereka madzi opitirira kilogalamu imodzi ndi theka, osawerengera nthunzi ya mumphika wa nsima. Onjezani mpweya wa anthu awiri ogona zitseko zili zotseka. Usiku chitsulo chikazizira, makamaka m'nyengo ya mwera kapena ya chiperoni, chinyezi chonsecho chimasanduka thukuta pamakoma ndi pamagalasi, n'kutsikira m'mizere ya pansi. Madzi saiwala khwawa. Phikirani panja pamkeka paja, ndipo pogona siyani mawindo awiri oyang'anizana ali otsegula pang'ono, mutawatchinga ndi kachidutswa ka neti kogwiritsidwa ndi maginito kuti udzudzu usalowe. Mbaula yamakala isalowe m'galimoto ngakhale kutazizira bwanji, utsi wake wosaoneka ndi wosanunkha umapha anthu ali m'tulo.

Panopa m'galimoto yathu muli zidutswa zitatu za plywood ya mamilimita 12, chilichonse ndi vinyl yake, aluminiyamu pasitepe, kanivasi kutsogolo ndi chitenje pabedi. Kumayambiriro kwa dzinja ndi kumapeto kwake ndimamasula mabawuti, kutulutsa matabwa n'kuwayedzamira pakhoma la nyumba kuti awombedwe mphepo. Mukamachita zimenezi, yambani kuyang'ana pansi pa chigubu cha madzi, kenako m'mbali mwa zophimba magudumu akumbuyo, kenako pakona ya sitepe. Ulendo wathawu ndinapeza kadontho ka dzimbiri kofanana ndi njere ya nyemba pafupi ndi gudumu lakumanzere. Ndinakapala, ndinapaka penti, ndipo pofika madzulo matabwa anali atabwerera m'malo mwake.